Nyumba za Mitengo ndi Udzu pa Migodi ya ku Midlands

Mu mzinda wa Kwekwe, umene kale unali kuchedwa Que Que, muli nyumba yaing'ono yokalamba imene alendo ambiri apatuka pa mseu kuti akaione. Iri pafupi ndi mgodi wa golidi wa Globe and Phoenix, pa bwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale za migodi, ndipo dzina lace ndi Paper House, ndiko kunena nyumba ya mapepala. Dzinali si lonamizira ai. Mizati ndi mitanda yace ndi matabwa, koma makoma ace ndi mapepala oponderezedwa pamodzi, olimbitsidwa ndi waya wolukana monga ukonde. Inacokera ku England iri zidutswazidutswa pakati pa zaka za m'ma 1890, nikwera ngolo za ng'ombe, pakuti njanji siinafike kumeneko kufikira 1902. Anailumikiza kuti akhalemo manijala woyamba wa mgodiwo, H. A. Piper, ndipo anaiimika pa timizati, yosakhudza nthaka. Boma la Zimbabwe liisunga monga cuma ca dziko lonse.

Nkoyenera ndithu kuisunga. Koma munthu woima pa khonde lace angafunse kuti: nanga anthu amene anatsika pansi kukaswa miyala anali kugona kuti? Pa mgodi uli wonse nyumba ya manijala inali imodzi, pamene nyumba za anchito zinali mazanamazana, ndipo zambiri za izo m'zaka zoyamba zinali za mitengo, dothi ndi udzu, zomangidwa ndi manja a eni ace. Za masiku amenewo palibe imene mlendo angaipeze iri ciriri. Nyumba ya mapepala yapirira zaka zoposa 120, ndipo nyumba za mitengo yolimba ya m'chire zinatha zonse. Cifukwa cace ca zimenezi ciyenera kufotokozedwa, popeza ambiri a omvera a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe ali ndi agogo amene anagonamo.

Amuna amene anadza kudzamanga

Dziko la Midlands liri pakati peni peni pa Zimbabwe, ndipo midzi yace yaikuru yambiri inabadwa ndi migodi. Gweru, kale Gwelo, unayamba mu 1894, caka comweco cimene anthu ofunafuna golidi anazika zikhomo pa Globe and Phoenix, pamwamba pa maenje amene anthu a dzikolo anakumba kalekale. Shurugwi, kale Selukwe, unayamba mu 1899 cifukwa ca golidi, ndipo pambuyo pace unachuka ndi mwala wa kuromu. Zvishavane, kale Shabani, unakula ndi asibesitosi kuyambira 1916. Maina atsopanowa anadza dziko litalandira ufulu mu 1980.

Anchito ambiri a migodi imeneyi anali acilendo, ocokera kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi: Acewa, Ayao, Atonga, Angoni, Ansenga ndi Asena. Cimodzi ca zinthu zimene zinawanyamula kwao ndico nyumba yomwe ya udzu, pakuti ku Nyasaland boma la Azungu linaika msonkho pa nyumba m'zaka za m'ma 1890, masheleni 3 pa caka, ndipo masheleniwo sanali kumera m'munda. Ena analembedwa ndi bungwe la Rhodesian Native Labour Bureau, limene linayamba mu 1903, ndipo nchito yace anthu anaicha cibalo. Ena m'zaka zapambuyo anapita ndi Mthandizi, kapena anakwera magalimoto a Ulere. Koma ocuruka anayenda okha, selefu, masabata ambiri pa miyendo, kudzera ku Tete. Akuru amene boma la Nyasaland linawatuma kukafufuza za ulendowu mu 1935 anapeza kuti amuna ngati 120,000 anali kunja kwa dziko.

Mwamuna wotere anafika pa mgodi ndi bulangete, mphika ndi nkhwangwa kapena wopanda ciri conse, koma luso la kumanga anali nalo m'manja. Kwa Acewa ndi Ayao mnyamata wolowa cikamwini ayenera kumanga nyumba pa mudzi wa mkazi wace, apongozi ali kuyang'ana, ndipo amene denga lace lidontha mvula yoyamba sasowa womseka. Motero eni migodi yaing'ono, imene inali yambiri m'dziko muno, sanavutike ndi kumangira anchito ao. Analoza malo, napereka masiku owerengeka, munthu nadzimangira yekha.

Mamangidwe ace

Anthu ena ayesa kuti nyumba yomata ingomangidwa cimangemange. Amene atero sanagwirepo luzi. Nchito iyamba ndi kusankha mitengo, ndipo mmisiri adziwa kuti mtengo uli wonse uli ndi malo ace. Za nsici, ndiyo mitengo yozika pansi imene iimika khoma, afuna mtengo umene ciswe ciukana. Kumadera otentha a Midlands, makamaka kuyandikira ku Gokwe ndi m'zigwa za mitsinje ya Sebakwe ndi Munyati, kuli tsanya, amene anthu a kumeneko amucha mopane. Anthu a ku Cigwa ca Shire ndi ku Luangwa amdziwa bwino, mtengo wolemera, wofiira pakati, wobunthitsa nkhwangwa. Muwanga nawo ndi wotero. Naphini apatsa mitengo yoongoka. Mombo ndi abale ace a m'nkhalango za kumtunda sakhalitsa m'nthaka, koma ndiwo eni luzi, ndipo luzi lonyikidwa m'madzi limanga mfundo imene iuma nigwira koposa msomali.

Mmisiri ajambula pansi ndi cikhomo ndi cingwe, nakumba ngalande yozungulira, nazika nsici mothithikana. Ena ayamba aocha matsinde ace pa moto kuti acite makala, pakuti makala saola msanga. Pamenepo apana: atenga timitengo tofewa, mbariro, tiwiritiwiri, kena kunja kena m'kati, nazimangiriza ndi luzi kuti nsici zonse zikhale thupi limodzi. Apa ndipo pagona mphamvu ya nyumba yozungulira. Denga lolemera likankhira khoma kunja, koma mkombero wa mbariro wa pamwamba uligwira monga lamba, ndipo mphepo yocokera mbali iri yonse singapeze ngondya yoti igwirepo.

Denga la nyumba yaing'ono kawirikawiri alilukira pansi. Mapaso akomana pansonga, mbariro zizungulira kuyambira pamwamba kufikira m'munsi, ndipo likatha aitana anzao kuti alinyamule ndi kulikhazika pa khoma. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga unabadwira pa nchito yomweyi, ndipo m'komboni, m'mene munthu analibe mbale, anthu a dziko limodzi anali kudziwana tsiku lokweza denga. Nyumba yaikuru ikhala ndi mzati pakati, ndi nsanamira kunja zocirikiza khonde. Khondelo si la mthunzi wokha ai. Nchito yace yeniyeni ndiyo kutaya madzi a mvula kutali ndi khoma, cifukwa khoma la dothi liopa madzi koposa ciri conse.

Dothi lomatira labwino ndi la pa culu, limene ciswe cinalipeta kale ndi kulisakaniza. Aliponda ndi mapazi, naliponya mwamphamvu pakati pa nsici kuti lilowe m'mipata yonse, kunja ndi m'kati. Likauma ling'aluka, ndipo amatanso kaciwiri. Kumudzi kuzira pansi ndi kutsirika makoma ndi dothi la mitundu ndiyo nchito ya amai. Pa mgodi amuna ambiri anaphunzira kuigwira okha, ndipo nyumba ya mbeta inali kudziwika ndi pansi pace pafumbi.

Tsono udzu. Umwetedwa m'nyengo yozizira, Juni ndi Julayi, mbeu zace zitayoyoka ndi phesi litauma, moto wolusa usanadutse. Womweta msanga afolera udzu wamadzi umene uola; wocedwa apeza dambo lapsa. Tsekera ndi udzu wina wautali wa mtundu womwewo umera bwino pa zidikha za Somabhula, kumwera cakumadzulo kwa Gweru. Wofolera ayamba m'munsi kukwera pamwamba, mtolo uli wonse kuphimba mfundo za unzace, kotero kuti dontho la mvula liyenda pa phesi kufikira ligwa kunja. Cinsinsi cace ndi kutsetsereka. Amisiri a masiku ano anena kuti denga la udzu lisacepere madigiri 45, ndipo akale, osadziwa digiri, anali kuyesa ndi maso nafika pomwepo. Denga logona lisunga madzi, ndipo lisanathe zaka ziwiri limera bowa. Moto wa m'nyumba nawo uthandiza, popeza utsi upyola m'udzu pang'onopang'ono, nuupaka mwaye, nuthamangitsa tizirombo tofumbwa mapaso. Ndico cifukwa cace denga la nyumba yophikiramo likhalitsa koposa la nyumba yogona alendo.

M'makomboni munakomana mamangidwe a mitundu yambiri. Ashona ndi Acewa akale anali kumanga zozungulira. Nyumba ya ngondya zinai, ya mtanda pamwamba ndi zipinda ziwiri, inafala kumpoto kwa Zambezi ndi Ayao amene anacita malonda ndi anthu a ku gombe la nyanja yamcere, ndiponso ndi mamishoni, ndipo anchito ocokera kumeneko anapita nayo ku migodi. Nyumba zoyamba zopemphereramo, za Akristu ndi za Asilamu omwe, zinali za mtundu umenewu. Azungunso oyamba, asanaumbe njerwa, anagona m'nyumba zomata ndi zofolera udzu, kungoonjezapo mazenera ndi citseko ca matabwa a bokosi.

Udzu ndi malata

Pa migodi yaikuru makampani anamanga makomboni a njerwa kapena a malata okhaokha. Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'buku lace lochedwa Chibaro la 1976, anafotokoza kuti komboni yotere inali ndi magawo atatu. Pakati panali bwalo lotsekedwa, la zipinda zogonamo anthu ambiri, m'mene anaikamo a cibalo ndi ena amene kampani inaopa kuti angathawe. Kunja kwace kunali nyumba za anchito okhalitsa, ndipo patali pang'ono nyumba za amene anali ndi akazi. Kuturuka m'bwalo la m'kati ndi kukhala m'nyumba ya udzu kunali kukwera, ngakhale kuti pa maso pa mlendo malata ndiwo anaoneka acitukuko.

Anchitowo anali ndi cifukwa cabwino. Midzi ya Midlands iri pamtunda, Gweru mapazi oposa 4,000 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi cisanu cigwa ndithu. Lata ndi lopyapyala: usana litentha monga ciwaya, usiku lizizira msanga, ndipo mpweya wa anthu ogona usanduka madontho amene awagwera m'bandakuca. Munthu woturuka pansi pa mgodi ali thukuta, wobvala zosakwanira, wodya nsima yopanda ndiwo zokwanira, nagona m'cipinda cotero pamodzi ndi anzace makumi, anali pafupi ndi cibayo. Cibayo ndi nthenda ya kusowa zamasamba m'thupi ndizo zinapha anchito ambiri m'zaka zoyamba, ndipo cimfine cacikuru ca 1918 cinalowa m'makomboni monga moto m'dambo. Denga la udzu lokhuthala lisunga mpweya pakati pa mapesi ace, ndipo mpweya wosayenda ndiwo bulangete. Khoma la dothi limwa kutentha kwa usana ndi kukubweza usiku.

Koma kuyamika kokhakokha kungakhale kunama. Nyumba yomata ikang'aluka isunga nsikidzi ndi nkhufi, ndipo nkhufi zipatsa malungo obwerezabwereza. Makoswe akonda denga. Yopanda zenera ikhala ya mdima ndi utsi, woononga maso ndi cifuwa ca ana. Ndipo moto ukagwira nyumba imodzi m'komboni yothithikana, mwezi wa Okotobala, sufunsa mwini wa yaciwiri. Madokotala amene anadandaula za zimenezi sanalakwe. Kulakwa kunali kuyesa kuti mankhwala ace ndi lata basi, pamene zenera, khoma losalala ndi mpata pakati pa nyumba zikadacotsa zambiri za zobvutazo.

Cifukwa cace sizinakhalitse

Kuti cimveke bwino, nkofunika kuyang'ana ku England, kumene nyumba za mtundu womwewu zakhala zaka mazana. Ku dziko limenelonso kuli cigawo cochedwa Midlands, ndipo m'menemo, pa mudzi wa Shottery pafupi ndi Stratford-upon-Avon, pali nyumba imene anakuliramo Anne Hathaway, mkazi wa William Shakespeare. Mbali yace yakale inamangidwa mu 1463. Womvera wa ku Dedza kapena ku Katete ataiona angazizwe, pakuti mipata ya makoma ace ndi timitengo tolukana tomatidwa ndi dothi, ndipo pamwamba pace ndi udzu. Nzeru yace ndi yomweyo ya kumudzi.

Kusiyana kuli pansi. Amisiri a ku England anasema mtengo wolimba wochedwa oak, naulumikiza ndi zikhomo za mtengo, ndipo cimango conseco anacikhazika pa maziko a miyala, kotero kuti palibe mtengo wokhudza nthaka. Kuonjeza apo dziko lao liribe ciswe. Nyumba ya mu Afrika muno izika miyendo yace m'dothi, m'mene muli cinyontho ndi ciswe, ndipo ngakhale tsanya potsiriza agonja. Paper House yapulumuka pa cifukwa comweco ca nyumba ya ku Shottery: inaimikidwa pamwamba, mphepo nipita pansi pace, ndipo mwini akhoza kuona njira ya ciswe isanafike pa thabwa. Mapepala okwezedwa apambana muwanga wozikidwa.

Cifukwa caciwiri ncoposa coyamba. Nyumba ya udzu iri yonse, ya ku England yomwe, ikhala ndi moyo pokhapo pali munthu woisamala. Denga lifuna kupakizidwa, khoma lifuna kumatidwa mvula ikatha, nsici yodyeka ifuna inzace. Nyumba ya Anne Hathaway inagulidwa mu 1892 ndi bungwe losunga za Shakespeare, zaka zowerengeka Paper House isanafike ku Kwekwe, ndipo itapsa mbali ina mu 1969 anaikonzanso. Koma wanchito wa pa mgodi anamanga pa nthaka ya kampani. Nchito ikatha, kapena akadwala, kapena golidi akatha m'mwala, anayenera kucoka, ndipo nyumba yosiyidwa mvula ziwiri isanduka culu. Munthu samanga maziko a miyala pa malo amene angacotsedwepo mawa. Amene anena kuti anthu akuda sanadziwe kumanga zokhalitsa aiwala kufunsa kuti malowo anali a yani.

Ngakhale mitengo yomwe inayamba kusowa. Migodi yoyamba inali kuyendetsa makina ace ndi nthunzi, ndipo nthunzi inadya nkhuni usana ndi usiku. Mitengo ina inalowa pansi kukacirikiza miyala. Malamulo a migodi analola eni migodi kudula mitengo pa minda yambiri ya m'dera la golidi, ndipo mkangano wao ndi alimi unali umodzi wa milandu imene inabala lamulo losamala zacilengedwe la 1941. Pofika nthawi imeneyo womanga nyumba pafupi ndi Que Que kapena Selukwe anali kuyenda mtunda wautali kuti apeze nsici zoongoka.

Boma nalo linakankha. Mu 1929, m'dera la anthu akuda la Selukwe, mlangizi wa zaulimi E. D. Alvord anayamba kugawa dziko, minda mbali yina, mabusa mbali yina, ndi midzi m'mizere pakati. Alangizi amene anatsata anaphunzitsa anthu kuumba njerwa ndi kumanga za ngondya zinai. Nkhondo yaciwiri itatha, ndi m'zaka za Federation, kuyambira 1953 kufikira 1963, makampani ndi makhonsolo anamanga nyumba zambiri za njerwa ndi simenti, ndipo m'matauni udzu unakanizidwa cifukwa ca moto, monga unakanizidwira ku London kuyambira 1212. Codabwitsa ncakuti denga limene linalowa m'malo mwa udzu linacokera m'dziko lomwelo: asibesitosi wa ku Shabani, wosakanizidwa ndi simenti. Zinadziwika bwino pambuyo pace kuti fumbi la asibesitosi liononga mapapo, ndipo maiko ambiri anamletsa.

Zimene zasungidwa

Mamangidwe a mitengo ndi dothi m'dziko limeneli ndi akale koposa migodi ya Azungu. Kumwera cakumadzulo kwa Gweru kuli mabwinja a Naletale ndi Danangombe, amene Azungu anawacha Dhlo Dhlo, malikulu a mafumu a Atorwa ndi Arozvi a zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Alendo atama makoma ace a miyala yosanjidwa mokongola, ndipo ayeneradi kutamidwa, koma makomawo ambiri anali maziko ndi mipanda cabe. Pamwamba pace panaima nyumba za dothi zofolera udzu, ndipo ndimo mafumu anali kugona. Ofukula zakale apeza pansi pozira ndi zidutswa za dothi louma zokhala ndi mikwingwirima ya mitengo imene inaola kalekale. Mfumu ya Arozvi ndi mnyamata wa cibalo anagona pansi pa denga la mtundu umodzi.

Kusunga nyumba yotere nkobvuta, ndipo Zimbabwe analawa kuwawa kwace. Mudzi wa mfumu Lobengula wochedwa Old Bulawayo, umene anakhalamo kuyambira 1870 kufikira 1881, unamangidwanso m'zaka za m'ma 1990, ndi nyumba za udzu za Andebele, kuti anthu aziona. Mu 2010 moto wa m'chire unaunyeketsa, ndipo zaka zambiri zinapita malowo ali apululu. Udzu wozungulira ukadalambulidwa pa nthawi yace, monga acitira mwini mudzi ali yense mwezi wa Julayi, mwina nkhani ikadakhala yina.

Ku Zambia kunacitika cinthu coyenera kutsanzira. Mu Lusaka, pa Kabwata, boma la Azungu linamangira anchito akuda nyumba zozungulira zofolera udzu m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940. Zambiri zinagwetsedwa kuti pamangidwe nyumba zosanja, koma mu 1974 zokwana 43 zinapatulidwa kuti zikhale mudzi wa zacikhalidwe, ndipo anaikamo osemasema ndi amisiri ena. Cimene cinapulumutsa nyumbazo ndi cakuti munali anthu, ophikamo ndi kusesamo, oona msanga pamene denga layamba kudontha. Nyumba za wanchito wamba zinayesedwa zoyenera kusungidwa, osati ya bwana yokha.

Ku Midlands adzukulu a amisiri aja alipobe. Ambiri a makolo ao sanabwerere kwao. Kumudzi anawacha macona. Anakwatira kumeneko, nasunga cinenero, ndi gule wamkuru, ndi mipingo yao, koma malamulo a dziko, kuyambira lamulo logawa malo la 1930, sanawapatse mudzi wao wao monga anali nao Ashona ndi Andebele. Komboni ndiyo inali mudzi. Cifukwa cace pamene ng'anjo za citsulo za ku Redcliff zinazima mu 2008, ndi migodi ya asibesitosi ya ku Zvishavane inaima m'zaka zomwezo, funso la nyumba linawagwera molemera koposa anzao. Mu 2005, pamene boma linagwetsa nyumba zosaloledwa m'matauni pa nchito yochedwa Murambatsvina, anthu anauzidwa kuti apite kumidzi kwao, ndipo nthumwi ya United Nations inawerenga kuti anthu ngati 700,000 anataya nyumba kapena nchito. Mdzukulu wa mcona analibe kumudzi kopita. Malamulo akuru a dziko a 2013 anabvomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanaturuke ndi wokhalamo, amene kholo lace linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndi nzika mwa kubadwa. Cikalata ca unzika ndi cinthu cacikuru, ngakhale sicipatsa munthu malo ozikapo nsici.

Luso lenilenilo silinafe. M'midzi ya Shurugwi, Mberengwa ndi Gokwe banja lokhala ndi nyumba ya njerwa ndi malata lisungabe nyumba yophikiramo yozungulira, yofolera udzu, ndipo kwa Ashona ndimo mukambidwa za ukwati ndi kugonekedwa maliro. Pa timigodi ta anthu okumba golidi ndi manja, amene acuruka kuzungulira Kwekwe ndi Shurugwi, misasa ya mitengo imerabe monga kale, kungoti pulasitiki walowa pansi pa udzu. Ndipo m'mahotela a alendo ndi m'nyumba za olemera denga la udzu labwerera ndi ulemu, pa mitengo ya bulugamu yonyikidwa m'mankhwala, lomangidwa ndi waya, ndi mlongoti wa citsulo pambali wolanda mphezi. Amene alifolera ndi amisiri a kumudzi, ndipo mtengo wace uposa wa malata.

Womanga lero amene afuna kuti nyumba ya mitengo ndi dothi ifike kwa adzukulu ace ali nazo nzeru za mbali zonse ziwiri. Aike maziko a miyala kapena a njerwa zoocha, okwera phazi limodzi pamwamba pa nthaka, ndipo mitengo ikhale pamwamba pa mazikowo. Khonde lituruke mokwanira kuti mvula ya mphepo isamenye khoma. Asiye mazenera awiri oyang'anizana, amate mosalala kuti nsikidzi zisowe pobisala, ndipo denga litsetsereke. Nyumba ndi nyumba zitalikirane, ndipo bwalo lilambulidwe udzu usanaume. Mitolo ya udzu wopakizira aimwete m'Juni, naisanje pa thandala pamthunzi, yosakhudza pansi.